Bondo likakana uli kwa eni

Pali anthu amene amatsika basi pamalo achilendo n'kupeza kuti mwendo umene anakwera nawo uli bwinobwino ukukana kuponda pansi. Ena zimawagwera pa siwa kwa apongozi, atachezera usiku wonse pamphasa miyendo ili chopinda. Kukacha, akati adzuke, bondo lauma gwaa ngati chipika. Ena ndi pa msonkhano wa amayi, kumene anthu amagona m'makalasi a sukulu pa simenti yozizira. Enanso ndi agogo amene apita ku London kapena ku Johannesburg kukaona chidzukulu chongobadwa kumene, ndipo kwa nthawi yoyamba akukwera ndi kutsika masitepe a nyumba yosanja kakhumi patsiku. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mwendo sudikira kuti mwini wake afike pakhomo pake kuti udwale.

Kudwala uli kwanu kuli ndi mpumulo wake. Ukudziwa mpando umene sukupweteka, ukudziwa njira ya kuchipatala, ndipo pali mwana womutuma. Kwa eni zonsezi palibe, m'malo mwake muli manyazi. Mlendo safuna kuchulukitsira eni nyumba ntchito, makamaka ngati ali pa chisoni kapena ali kalikiliki ndi ukwati. Tsono amaluma mano, namwetulira, nayankha kuti wadzuka bwino, kwinaku akuwerenga masiku otsala kuti abwerere. N'zoona kuti ululu wambiri wa m'miyendo ungathe kudikira mpaka munthu atafika kwawo. Koma ulipo wina wosadikira, ndipo wapaulendo aliyense, pamodzi ndi amene amulandira, ayenera kudziwa kusiyanitsa mitundu iwiriyi.

Tiyambe ndi wosadikirawo. Magazi amatsikira kumapazi mosavuta, koma pobwerera kumtima amakwera phiri. Chimene chimawathandiza kukwera ndi akatumba: munthu akamayenda, minofu ya kuseri kwa msongolo imafinya mitsempha ya m'kati mwa mwendo, magazi nakankhikira m'mwamba. Munthu akakhala malo amodzi nthawi yaitali mawondo ali chopinda, kufinya kumeneku kumaima, magazi amadikha ngati madzi a m'thamanda, ndipo mwa anthu ena amaundana. Achipatala amatchula vutoli ndi zilembo zitatu, DVT. Kuopsa kwake n'kwakuti kachidutswa ka magazi oundanawo kakhoza kuthothoka, kudutsa mumtima n'kukatseka njira ya magazi m'mapapo. Munthu amene dzulo amangodandaula za katumba akhoza kugwa lero pabwalo osadzukanso.

Nkhaniyi siinayambe lero. Mu 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu a ku London ankathawira m'malo obisalako mabomba ndipo ankachezera atakhala pa mipando yansalu yopinda. Dokotala wopima mitembo, Keith Simpson, anaona kuti imfa zobwera chifukwa cha magazi oundana m'mapapo zachuluka pakati pa anthu amenewa, ndipo zinachepa atawaikira mabedi oti azigonapo. Mu 2007 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza zotsatira za kafukufuku wake: munthu akakhala pansi paulendo maola 4 kapena kuposerapo, kaya ndi m'ndege, m'sitima, m'basi kapena m'galimoto, chiopsezo cha vutoli chimawirikiza pafupifupi kawiri. Ngakhale zili choncho, amene amadwala ndi ochepa, ngati munthu mmodzi pa anthu 6,000. Palibe chifukwa choopera ulendo. Koma mmodziyo ali ndi dzina, ndipo ali ndi ana amene akumuyembekezera kunyumba.

Tsono taganizani za ulendo umene abale athu ambiri amayenda: kuchoka ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kukafola pa Beitbridge, mpaka ku Johannesburg. Ndi makilomita oposa 1,600, ndipo tsiku lathunthu ndi usiku wake zimatha munthu ali pampando. Pansi pa mapazi pali chikwama ndi thumba la ufa, kotero kuti miyendo ilibe kotambasukira. Ambiri amadzimana madzi dala poopa kuvutika m'njira, ndipo potero amawonjezera vuto pa vuto. Ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku London nayo imatenga maola pafupifupi 11. Amene ayenera kusamala koposa ndi amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, amayi akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, anthu onenepa kwambiri, achikulire, odwala khansa, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, ndi amene anadwalapo kale vutoli.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuzisunga pamtima. Miyendo yonse iwiri ikatupa pang'ono m'makakolo pambuyo pa ulendo wautali, n'kuphwa munthu atagona usiku umodzi, nthawi zambiri palibe chodetsa nkhawa. Koma ukatupa mwendo umodzi wokha, katumba akuwawa ngati wakokana koma osamasuka, khungu likutentha kapena lasintha mtundu, munthuyo akaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pa zimenezi pawonjezeka phuma ladzidzidzi, chibayo popuma, mtima kugunda mothamanga, chizungulire kapena kutsokomola magazi, nthawi yofunsana yatha, pafunika galimoto. Kuchipatala amaunika mwendo ndi sikani, napereka mankhwala oletsa magazi kuundana, monga jakisoni wa heparin, mapiritsi a warfarin kapena rivaroxaban, amene kawirikawiri amamwedwa miyezi yosachepera 3.

Apa ndi pamene chifundo chathu chimatha kuvulaza. Mlendo akadandaula mwendo, mayi wa pakhomo amathamanga kukafunditsa madzi kuti amuthowe, ndipo mnyamata wamphamvu amaitanidwa kuti asisite ndi mafuta. Pa minofu yongotopa zimenezi n'zabwino. Pa katumba wotupa mbali imodzi, manja achoke. Chosiyanitsa ndi kukokana wamba kwa usiku n'chakuti kukokana kumabwera mwamphamvu n'kutha pa mphindi zochepa, makamaka munthu akawongola mwendo n'kukokera zala za kuphazi cha kumsongolo. Ululu wa magazi oundana sutha choncho. Umakhala, ndipo umakula.

Pali zinanso zitatu zosafunika kugona nazo. Bondo likatupa, likutentha, munthu osalola n'komwe kuti muligwedeze, thupi nalo likutentha ndi kunjenjemera, mwina mwalowa tizilombo ndipo mukupangika mafinya. Zikatero bondo likhoza kuwonongeka pa masiku ochepa okha, ndipo odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndiwo amagwidwa msanga. Mwendo ukazizira mwadzidzidzi, ukuwawa koopsa, wachita dzanzi ndipo wafooka, ndiye kuti magazi aleka kufikako, ndipo madokotala amakhala ndi maola ochepa oti aupulumutse. Chachitatu chimachokera kumsana: ululu wotsika m'thako, kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi si wachilendo ndipo kawirikawiri umatha wokha, koma ngati ukubwera pamodzi ndi dzanzi pakati pa miyendo ndi kulephera kutaya madzi kapena kuwasunga, ndi nkhani ya usiku womwewo.

Nanga amene wagwa, kapena waponda molakwika potsika minibasi? Madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, anakonza m'zaka za m'ma 1990 njira yodziwira bondo lofunika kujambulidwa ndi X-ray, ndipo mbali ina ya njirayo munthu wamba angathe kuitsata. Ngati wovulalayo ali ndi zaka 55 kapena kuposerapo, ngati sangathe kuponda mapazi anayi ngakhale motsimphina, ngati sangathe kupinda bondo monga achitira munthu wokhala pampando, kapena ngati kafupa ka kutsogolo kwa bondo kakuwawa pokakhudza, akajambulidwe. Bondo lotupa msangamsanga pa ola limodzi kapena awiri chivulalireni nthawi zambiri mwalowa magazi, ndipo lofunika kuonedwa. Chimodzimodzinso bondo logwira, lokana kuwongoka ngati mwatsekera mwala.

Zonsezi zikakhala palibe, ndiye kuti tafika pa ululu wodikira, umene ndiwo wochuluka. Anthu a msinkhu wangawu ambiri mawondo awo anayamba kale kuperepeseka: kanyama koterera kokuta nsonga za mafupa kanachepa, ndipo kunyumba sitizindikira chifukwa tinazolowera mayendedwe athu. Ulendo ndiwo umaulula. Potsika masitepe bondo limasenza kulemera kwa thupi katatu kapena kuposerapo, ndipo ponyonyomala limasenza koposa apo. Chofunika n'kulipumuza tsiku limodzi kapena awiri, kulitsamiritsa pa pilo kuti likhale pamwamba, kulimanga bandeji mosathinitsa, ndi kuikapo ayezi wokulungidwa m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20 kangapo patsiku. Kumene kulibe firiji, nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko imathandizako. Koma kugona chigonere nakonso n'kulakwa. Bondo losagwedezeka limauma ndipo ntchafu imafooka, choncho ululu ukangoyamba kuchepa munthu aziyenda pang'onopang'ono pabwalo, ndi kumawongola mwendo ali chikhalire.

Za mankhwala ndinenepo mosabisa, chifukwa m'zikwama za apaulendo ndi m'magolosale muli zambiri. Panado ndiye woyambira: munthu wamkulu amwe mapiritsi 2 a 500 mg, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo akumbukire kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol m'kati mwake. Brufen, diclofenac ndi Indocid ndi a banja limodzi. Amathetsa kutupa, koma amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba, kuvulaza impso ndi kukweza BP. Kumwa awiri a m'banja limeneli nthawi imodzi, monga ena amachitira poti wina wapatsidwa ndi mlamu ndipo wina ndi mnzake wa pampando, n'kudziika pangozi popanda phindu. Amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena la mtima, oyembekezera, ndi amene akumwa warfarin, asawakhudze asanafunse achipatala. Diclofenac wopaka ndi wofatsa kuposa wakumwa, ndipo pa bondo amagwira ntchito.

Matenda amodzi amakonda kwambiri alendo olandiridwa bwino, ndiwo gauti. Pa ukwati kapena pa chinkhoswe mlendo wolemekezeka amapatsidwa chiwindi, impso ndi nyama yambiri, namwera zakumwa zotsekemera kapena mowa, madzi osamwa. Usiku chala chachikulu cha kuphazi, kapena bondo, chimayaka moto kotero kuti ngakhale chofunda sichikhudzapo. Chimachitika n'chakuti uric acid wochuluka m'magazi amaundana polumikizira mafupa ngati timasingano. Mapiritsi ena a BP otulutsa madzi m'thupi, monga hydrochlorothiazide amene ambiri kuno amamwa, amathandizira vutoli, koma munthu asawasiye payekha. Chovuta n'chakuti bondo la gauti ndi bondo la mafinya zimafanana pa maso, ndipo chosiyanitsa chenicheni ndi madzi amene dokotala amapopa m'bondomo ndi jakisoni. Amene zamugwera koyamba asadziweruze yekha.

Pali chinthu china chimene sindingachilumphe, chifukwa pa zaka za utumiki ndaona mabanja akudana nacho. Mwendo ukatupa mwadzidzidzi kumudzi kwa eni, mawu oyamba kunong'onedwa ndi akuti waponda, kapena amutchera panjira. Maso amatembenukira kwa gogo wa pakhomo kapena kwa mlamu amene panali kale mangawa. Buku la Machitidwe, mutu 28, limasimba za anthu a pa chisumbu cha Melita amene ataona njoka italuma Paulo anagamula kuti ndi wopha anthu, ndipo ataona kuti sanafe anagamulanso kuti ndi mulungu. Kawiri konse ankangolota. Ifenso timalota pamene tiiwala maola 20 amene munthu anakhala m'basi n'kuyamba kufunafuna mfiti. Zotsatira zake zimakhala ziwiri: ubale umasweka, ndipo wodwalayo amatemedwa mphini pa bondo lotupa, lumo n'kutsegulira tizilombo khomo, pamene masiku oti akanathandizidwa akupita.

Tsono wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mlendo anene, ndipo anene msanga. Eni nyumba nawo aziona ndi maso, chifukwa pali zimene munthu wamkulu sangathe kuzitchula. Chachikulu ndi chimbudzi. Kwa munthu wa bondo lotupa, chimbudzi chokumba ndi chizunzo, ndipo ndikudziwa amayi achikulire amene amakana nsima kwa eni poopa za m'mawa. Mpando wakale wobooledwa pakati, kapena mtengo wokhomedwa bwino woti munthu agwirire, zimathetsa nkhaniyi popanda mawu ambiri. Mlendo wotere apatsidwe mpando ngakhale pa siwa pamene amayi anzake ali pamphasa, agone pa bedi lokwera, ndipo ngati nyumba ndi yosanja agone chipinda chapansi.

Ndiponso pali kugwada. Mkamwini kapena mtengwa amene bondo lake lakana amavutika mumtima kuti apongozi amuona ngati wamwano. Ndi udindo wa wamkulu kumumasula ndi mawu amodzi oti, khalani pampando mwanangu. Ena amazunzika chimodzimodzi m'nyumba ya mapemphero, poganiza kuti pemphero la munthu wosagwada silifika. Malembo omwe amatiuza za Davide akupemphera atakhala pansi, za Hezekiya akupemphera ali gone pa kama wa matenda atayang'ana kukhoma, ndi za wamsonkho amene anapemphera ataimirira patali. Ndipo msonkhano waukulu wa mabishopu wa ku Nicaea, mu 325, unalamula m'lamulo lake la 20 kuti pa tsiku la Ambuye ndi pa masiku a pakati pa Pasaka ndi Pentekoste anthu azipemphera ataimirira. Ngati makolo a mpingo anatha kuimika mpingo wonse, bondo lotupa lisakakamizidwe.

Wapaulendo wodziwika kwambiri amene mwendo unamugwira ali kutali ndi kwawo ndi Yakobo. Genesis 32 imasimba kuti akubwerera kuchokera kwa Labani, patatha zaka 20, anavulala polumikizira chiuno ndi ntchafu pa dooko la Yaboki, ndipo dzuwa linamutulukira akutsimphina. Maulaliki ambiri amathera pomwepo, koma mutu wotsatira uli ndi kanthu kothandiza wapaulendo. Esau atamupempha kuti ayendere limodzi, Yakobo anakana, napempha kuti mkulu wakeyo atsogole, iye azitsatira pang'onopang'ono monga mwa mayendedwe a ziweto ndi ana. Ndipo sanathamangire kukafika. Anaima pa Sukoti, namangapo nyumba. Akatswiri ena amati ankangozemba Esau, ndipo mwina akunena zoona. Komabe munthu amene wayendapo ndi mwendo wowawa pagulu la anthu 400 amphamvu amamvetsa yankho limenelo. Gulu likhoza kutsogola. Tikiti ya basi imasinthika, ndipo mwambo wa kumanda umatha bwinobwino ngakhale mmodzi atatsala pakhomo.

Za kopita, m'dziko muno zipatala za boma za m'maboma zili ndi ma clinical officer ophunzira za mafupa, maphunziro amene anayamba mu 1985, ndipo zovuta zimatumizidwa ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu ndi Mzuzu. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa, choncho kandalama kapadera kasasowe m'chikwama. Kabuku ka kuchipatala kaziyenda nanu, pamodzi ndi mankhwala anu a BP, a shuga kapena ma ARV, okwanira masiku a ulendo ndi ena owonjezera. Ku South Africa, gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo a 1996 limaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo chadzidzidzi, ngakhale kuti bilu ikhoza kutsatira. Pa foni ya m'manja nambala yake ndi 112. Ku England nambala ndi 999, ndipo kuonedwa ku chipinda cha ngozi n'kwaulere kwa aliyense, koma mlendo akagonekedwa amalipira, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Ana oitana makolo awo kumeneko agule inshuwalansi asanagule mphatso.

Tsiku lobwerera likafika, ndodo isachititse manyazi. Igwidwe ku dzanja la mbali ya mwendo wabwino, n'kumaponda pamodzi ndi mwendo wodwala. Ambiri amaigwira mbali yolakwika. Pokwera sitepe utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wodwala. M'basi pemphani mpando wa kunjira, katundu achoke kumapazi, ndipo paliponse pamene basi yaima tsikani muyendeko, ngakhale tulo tili m'maso. Muli pampando, muzikweza ndi kutsitsa zidendene ngati mukupalasa makina osokera, ndi kumamwa madzi. Amene ali pa chiopsezo chachikulu afunse achipatala za masokosi othina a paulendo asananyamuke.

Kufika pakhomo sikutseka nkhani. Kafukufuku wa WHO uja anapezanso kuti chiopsezo cha magazi oundana chimakhalabe chokwera kwa milungu pafupifupi 4 ulendo utatha. Katumba akatupa patatha sabata ziwiri chibwerereni, amene akukuonani kuchipatala sangalote kuti munali m'basi ya ku Johannesburg. Muwauze tsiku limene munanyamuka, maola amene munakhala pampando, ndi mankhwala onse amene munamwa m'njira.